Kampando ka miyendo ya agogo

Nditafika kwathu ku Chilumba pa holide yapitayi, ndinapeza agogo anga aakazi ali pakhonde pa mpando wawo wa ndalema, miyendo atasanjika pa ndowa yovundikira. Ndowayo ndi yachitsulo, ija tinkatungira madzi kunyanja isanabooke. Amama anali atapindapo thaulo kuti zidendene zisamapweteke, koma thaulolo linkangotsetsereka n'kugwa, ndipo agogo, popeza kuwerama sangathe, ankadikira kuti padutse mwana awatolere.

Miyendo yawo inayamba kutupa chaka chatha. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a BP, n'kuwauza kuti achepetse mchere, komanso kuti akakhala pansi azikweza miyendo, isamangolendewera tsiku lonse. Za mcherezo timalimbana nawo mpaka lero. Za kukweza miyendo anamvera, ndipo chomwe chinapezeka pakhomo ndi ndowa ija.

Ndinaima pamenepo chikwama chikadali kumsana, manyazi atandigwira. Pabanja pathu ine ndi amene amanditchula kuti "wa ku yunivesite". Pamaliro amandipatsa kope kuti ndilembe zopepesa, kalata ya Chingerezi ikabwera amandisungira. Ndiye ndinalankhula mokweza, kuti aliyense amve, kuti holide isanathe agogo akhala ndi kampando kofewa koikapo miyendo.

Ndinkanena kampando kakafupi, kopanda chotsamira, kathabwa pansi koma pamwamba kali ndi siponji yokutidwa ndi nsalu. Akalipentala amangoti situlu ya sofa. Ndinaimbira mnzanga wa ku Mzuzu kuti andifunsire kwa anyamata okhoma masofa m'mbali mwa msewu. Mtengo umene anandiuza unali wofanana ndi ndalama imene ndimadyera mwezi wathunthu kusukulu, osawerengera yoti kakwerere minibasi kutsika Chiweta. Anati siponji ndi nsalu zinakwera kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo sizinatsikenso. Ndinadula foni n'kunena mumtima kuti ndikhoma ndekha. Kampando ka miyendo inayi kangakanike munthu amene anakhoza Physics?

Apa ndiyenera kuulula kanthu. Pa Uliwa, ulendo wosakwana ola limodzi pa njinga kuchokera kwathu, pali shedi ya asibweni anga, ndiye kuti amalume m'Chitumbuka chathu. Iwo ndi kalipentala wa zaka zambiri, ndipo amagwira ntchito ndi mwana wawo, msuweni wanga, amene timasiyana chaka chimodzi chokha. Tinakulira limodzi, tinkawedza limodzi pafupi ndi jeti, ndipo Ilala ikalira tonse tinkathamangira kukaona anthu akutsitsa katundu. Iye anasiyira sukulu Fomu 2. Ine ndinapitirira. Chiyambire pamenepo, tikakumana timapatsana moni wautali koma nkhani zimatha msanga. Sindinafune kupita kukapempha thandizo kwa iwo. Ndinkadziuza kuti sindikufuna kuwasokoneza pa ntchito, koma zoona zake n'zoti sindinkafuna kuti msuweni wanga andione ndikulephera kanthu.

Choncho ndinagula bandulo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwira, kuonera mavidiyo pa YouTube. Azungu a m'mavidiyowo amakhoma kampandoka m'mphindi khumi. Ali ndi macheka amagetsi, makina oboolera, ndi kamfuti kolasira timawaya m'nsalu. Ine ndinali ndi sowo yobwereka kwa aneba, yomwe mano ake anali atatha ngati a agogo, hamala ya malemu adada, ndi misomali ya mainchesi atatu. Matabwa ndinagula kwa anyamata ena omwe ankacheka mtengo wa malaina umene unagwetsedwa sabata yomweyo. Anali otchipa, olemera bwino, ozizira ukawagwira. Ndinkaona ngati kulemerako ndiye kulimba.

Ndinatha masiku atatu. Msomali woyamba umene ndinakhoma kumapeto kwa thabwa unalng'amba pakati. Wachiwiri unapindika. Miyendo ndinaidula ndi diso, ndipo umodzi unatuluka waufupi. Pofuna kufananitsa ndinadula itatu inayo, kenaka wina unakhalanso waufupi. Pamwamba ndinakhomapo thabwa lathyathyathya, n'kuyalapo chidutswa cha matiresi anga akale a ku sekondale, n'kukulunga ndi nsalu ngati mmene amamangira phukusi. Nditamaliza kanaima ndithu, ndipo ndinakajambula.

Dzuwa la ku Chilumba silichedwa kuulula chinyengo. Patatha masiku asanu matabwa aja anayamba kuuma, akuuma akuchepa ndi kupindika. Misomali inakhala m'mabowo otakasuka. Agogo ataikapo miyendo, kampando kanapendekera uku, kenaka uko. Anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Mzukulu wane, kampando kako kakuvina malipenga."

Ana onse pakhomo anagwa nako kuseka. Agogo anapempha ndowa yawo.

Loweruka lake asibweni anabwera kudzazonda odwala. Atamwa tiyi, anaona kampando kaja kali pambali pa khitchini, nkhuku itakwerapo. Anakanyamula, kukatembenuza, n'kukanikiza chala chachikulu pathabwa. Sananyoze. Anangofunsa kuti matabwawo ndinagula kwa ndani, ndipo nditawauza anagwedeza mutu pang'ono.

"Muphwa, Lolemba ubwere ku shedi. Ubwere ndi siponji yakoyo, imeneyo yokha ndiye ilibe mlandu."

Safunsa anadya phula. Ndinapita.

Funso loyamba la msuweni wanga linandigwetsa ulesi. "A gilajuweti, munayeza mpando wa agogo?" Sindinayeze. Msinkhu wa kampando kanga ndinautenga m'vidiyo, mainchesi 18, woyenera sofa ya ku America. Mpando wa ndalema ndi wotsika, ndipo munthu amakhalamo chopendekera kumbuyo. Iye anatenga tepi, tinakwera njinga imodzi kubwerera kunyumba, ndipo anagwada pamaso pa agogo n'kuyeza kuchokera pansi kufika pamphepete pa mpando, kenaka kuchokera kuseri kwa bondo kufika ku chidendene. Anawafunsa ngati amakonda kuti katumba yense atsamire kapena zidendene zokha. Ine funso limenelo silinandifikepo m'mutu. Tinagwirizana kuti kampando kakhale mainchesi 13 kutalika siponji ili pomwepo, ndipo pamwamba pakhale 16 m'litali ndi 14 m'lifupi.

Matabwa anawasankha pa mulu wa zotsala. Miyendo inachokera ku felemu yakale ya chitseko, ya mlombwa, yomwe inachotsedwa pa nyumba ina imene inang'aluka ndi zivomezi za mu Disembala 2009. Ataipala ndi pulena, mtundu wofiirira uja unatuluka ngati mtengowo wadulidwa dzulo. Asibweni akuti mlombwa ndi mbawa masiku ano ukazipeza uziyamika, ndipo ngakhale paini, amene kale ankabwera wosavuta kuchokera ku Chikangawa, tsopano amamugula mowerenga. Nkhalango ya Chikangawa ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inadzalidwa poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche imene sinamangidwe. Moto ndi kudula mosadzala zinaidya mbali yaikulu. M'kalasi zimenezi tinaphunzira ngati nkhani ya zachilengedwe. Mu shedi muja ndi nkhani ya chifukwa chimene kachidutswa ka thabwa kotalika ngati dzanja sikaponyedwa pamoto.

Ntchito imene anandipatsa inali yoboola. Mwendo uliwonse umafuna mabowo awiri amakona anayi, momwe mumalowa malilime a matabwa opingasa. Msuweni wanga analemba mizere ndi pensulo ndi sikweya, n'kundipatsa tchizulo ndi chibonga chathabwa. Anati ndiyambire pakati pa bowo, ndisayandikire mzere mpaka kumapeto, ndipo mzerewo ndiusiye uzioneka. Bowo langa loyamba linatenga pafupifupi ola. Iye analowetsa lilime, linalowa mosavuta kwambiri, ndipo anati limenelo ndi bowo la mbewa. Analikonza pomata kachipepala ka thabwa ndi guluu. Lachinayi linali bwinoko. Pofika lachisanu ndi chitatu, lilime linkafuna kumenyedwa pang'ono kuti lilowe, ndipo likalowa limagwira lokha popanda msomali. Sindibisa, ndinasangalala kuposa mmene ndinasangalalira ndi magiredi a semesita yatha.

Tisanamange ndi guluu, anayeza chopingasa kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, kenaka mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikafanana, ndiye kuti felemu yakhala sikweya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti zimenezi zili m'buku la Fomu 2, koma ndinakumbukira kalasi imene iye anasiyira, ndipo ndinatseka. M'makona anayi anakhomamo timatabwa tamakona atatu. Anandionetsanso kuti msomali ukafuna kuukhoma pafupi ndi mapeto a thabwa, uyambe waufwifwinitsa nsonga ndi hamala. Ukatero umaphwanya ulusi wa thabwa m'malo moulekanitsa, ndipo thabwa siling'ambika. Matabwa anga atatu anafera kusadziwa kanthu kakang'ono chotere.

Pamwamba sitinaikepo thabwa. Anatenga chubu chakale cha tayala la galimoto, n'kuchilenga malamba a mainchesi awiri, ndipo tinawaluka ngati mkeka, kukoka lililonse mwamphamvu tisanalikhome ndi timisomali ta nsapato. Ukagogoda ndi chala pamalira ngati ng'oma. Pamwamba pa malambawo tinayala chiguduli kuti mphira isadye siponji. Siponjiyo tinaidula ndi mpeni wa buledi, yokulirapo pang'ono kuposa felemu mbali zonse, kuti nsalu ikakoka, mphepete mwa thabwa musamveke pa mwendo wotupa. Popeza matiresi anga anali ataphwa, tinasanjikiza magawo awiri. Kenaka nsalu yamkati, yoyera. Kukoka nsalu kuli ndi dongosolo lake: msomali umodzi pakati pa mbali ino, wina pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, kenaka mbali ziwiri zotsalazo, n'kumapita chakumakona pang'onopang'ono. Makona amakhala omaliza, ndipo amapindidwa ngati mmene anamwino amayalira bedi.

Nsalu yakunja inabweretsa mlandu pakhomo. Amama anatulutsa chitenje cha chipani chomwe analandira pa kampeni, akuti n'cholimba ndipo alibe nacho ntchito. Agogo anakana. Anati sangaponde nkhope ya munthu, ngakhale munthuyo sanakwaniritse zimene analonjeza. Mlongo wanga anati nanga cha Umanyano chakale chija, ndipo agogo anamuyang'ana mpaka anapepesa yekha. Pomaliza tinagula chitenje cha maluwa obiriwira kwa amayi ena amene amapikula ku Kyela, ndipo telala wa pafupi ndi shedi anachisoka ngati chipewa, chokhala ndi lasitiki kunsi, kuti chizivulidwa n'kuchapidwa. Nzeru imeneyo inali ya amama, chifukwa ndi iwo amene amadzoza agogo mafuta m'miyendo madzulo aliwonse.

Masiku anayi amene ndinakhala mu shedi ija ndinkaganiza kwambiri za sukulu. Ndatha zaka zoposa khumi ndi zisanu ndili m'kalasi, ndipo palibe tsiku limene aliyense anandigwiritsa sowo. Ku pulayimale nthawi ya ntchito zamanja tinkauzidwa kubwera ndi tsache kapena chipande, ndipo ambirife tinkangotenga zimene anapanga akuluakulu kunyumba. Woodwork ndi Metalwork zilipo pa mayeso a MSCE, koma sukulu zokhala ndi zipangizo zake n'zowerengeka, ndipo yathu sinali m'gulumo. Chodabwitsa n'choti ife a ku Chilumba tikayang'ana chakummwera timaona mapiri a Khondowe, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1894. Sukulu ya Overtoun kumeneko inkaphunzitsa aphunzitsi ndi abusa, komanso akalipentala, amisiri omanga ndi osindikiza mabuku, onse paphiri limodzi. Amisiri ake anakagwira ntchito mpaka ku migodi ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Pena pake m'njiramo tinasankha kuti mwana wanzeru ndi wa cholembera, ndipo hamala ndi ya amene mayeso amukana.

Sindikufuna kunamizira kuti makolo athu anasankha mopusa. M'nthawi ya atsamunda panali azungu ambiri amene ankafuna kuti munthu wakuda aphunzire za manja zokha, kuti akhale wantchito wabwino osati wofunsa mafunso. Anthu ngati Levi Mumba, amene anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association ku Karonga konkuno mu 1912, ankadziwa kuti popanda maphunziro a m'mabuku sungatsutsane ndi bwanamkubwa. Kalaliki ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, kalipentala ankadikira kasitomala. Mpaka lero zili choncho. Ndinaona ndi maso anga munthu akutenga bedi pa shedi ya asibweni atalipira theka, n'kulonjeza kuti yotsalayo abweretsa akagulitsa mpunga wa ku Hara. Mu kope lawo muli anthu amene mpunga wawo sunagulitsidwebe chiyambire zaka zitatu zapitazo. Choncho anzanga amene mumalemba pa Facebook kuti digiri ilibe ntchito, achinyamata angophunzira luso, dzafikeni pa Uliwa muone msana wa munthu amene wapala matabwa ndi manja zaka makumi atatu. Ambiri olankhula zimenezi ana awo sali ku TEVETA.

Chimene ndikukana ine ndi mpanda umene tinamanga pakati. Boma linatsegula makoleji a luso a m'madera mu 2015, ndipo imodzi ili pa Ngara, pa msewu womwewu wa M1 popita ku Karonga boma. N'zabwino. Koma mwana amafika kumeneko atauzidwa kale kuti walephera kwina. Ndipo ife amene "tinakhoza" timatuluka osadziwa kusiyanitsa thabwa louma ndi laliwisi, kenaka mawa ndife amene tidzasaine mapepala ogulira madesiki a sukulu za boma. Ndikuona kuti sowo, singano ndi sipanala zinayenera kudutsa m'manja mwa mwana aliyense asanafike Fomu 4, wanzeru ndi wovutika yemwe, kuti pasakhale wonena kuti izi n'za olephera.

Tsiku lomaliza, tikudikira kuti vanishi wa miyendo aume, msuweni wanga anandiponyera kope la asibweni. Anati popeza ndine wa masamu, ndiwawonkhetsere ngongole zonse zimene anthu sanabweze. Kopelo ndi lakale, lachikuto cholimba, ndipo asibweni amalemba zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. Ndinabwerera m'mbuyo masamba ambiri kufuna poyambira. Ndipo ndinapeza dzina langa. Kumanzere kunalembedwa zitseko zinayi, kumanja "fizi" ndi dzina langa. Patsogolo pang'ono bokosi la maliro, kumanja dzina langa. Teremu iliyonse, zaka zinayi zonse za ku sekondale yogonera konko.

Adada anamwalira ndili Sitandade 7. Amama ankandiuza kuti fizi imachokera ku mpunga, ndipo ine sindinafunsepo kuti kamunda kathu kaja kangabereke bwanji ndalama zotere. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchimuna, ndipo pa mwambo udindo umenewu sunali wa asibweni. Ndinayang'ananso chaka chimene dzina langa linayamba kuoneka. Ndi chaka chomwecho chimene dzina la msuweni wanga linasiya kuoneka kumanja kwa kopelo.

Iye anali pa benchi akunola pulena. Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Sanadzutse mutu.

"Iwe unasankhidwira ku boarding, ine ndinali pa CDSS. Ndalama inali ya munthu mmodzi. Komanso ine za x ndi y zinkandizunguza mutu."

Munthu amene amanena zimenezi ndi yemwe uja anayeza felemu chopingasa, amene amawerengera m'mutu kuti thabwa la mafiti 18 litulutsa zidutswa zingati popanda chotayika. Ndinafuna kunena kanthu, koma mawu onse amene anabwera anali a Chingerezi, a m'ma assignment. Iye anayesa mpeni wa pulena pa tsitsi la pamkono, n'kundiuza kuti ndimalize kuwonkhetsa chifukwa dzuwa likupita.

Kampando tinakanyamula pa keriya ya njinga, titakakulunga m'thumba kuopa fumbi. Agogo anaikapo miyendo yonse iwiri, n'kukagwedeza dala ndi chidendene. Sikanasunthe. Anasisita nsaluyo ndi dzanja nthawi yaitali, kenaka anati "Yewo chomene" kawiri, koyamba kwa msuweni wanga, kachiwiri kwa ine. Ndondomeko imeneyo inali yolondola.

Ndinabwerera kusukulu ndi matuza m'manja. Patatha milungu iwiri ndinaimbira amama kufunsa za odwala. Anati kutupa kukusinthasintha, masiku ena bwino, masiku ena ayi. Nditafunsa za kampando anaseka. Akuti tsiku lina kunabwera a mulala a mpingo kudzapemphera, ndipo agogo anachotsa miyendo n'kuwapatsa kampandoko kuti akhalire, poti ndiko kokongola kuposa mipando yonse pakhomo. Chiyambire tsiku limenelo kamakhala m'nyumba, atakafunditsa kansalu koluka, kudikira alendo. Agogo abwerera pa ndowa.

Ndinamuimbira msuweni wanga nditakwiya. Iye anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati vuto ndi lathu, tinakakongoletsa kwambiri. Akhoma kena ka paini, kopanda vanishi, n'kukakuta ndi bulangete lakale loti mlendo sangapatsidwe. Siponji yotsala ija ilipo. Ndinamufunsa kuti zifunika ndalama zingati, anati misomali ndi guluu basi. Madzulo omwewo ndinamutumizira pa Airtel Money, n'kuwonjezerapo ina pamwamba, yoposa imene ndikanakwanitsa mwezi umenewo. Sipanathe mphindi zisanu foni inalira. Anali atachotsapo ya misomali ndi guluu, yotsalayo wabweza, ndi uthenga woti ndigulire sopo, ndipo holide ikubwerayi ndifike msanga chifukwa pali mafelemu a mawindo 12 ofuna mabowo.